MTENGO WA CHINTHU CHAKALE

M'chinenero chathu muli liwu limodzi limene limasenza matanthauzo awiri. Tikati "mtengo" tikhoza kunena chomera chija timadula ndi kucheka matabwa, tikhozanso kunena ndalama zimene wogulitsa amatchula pamsika. Masiku ambiri matanthauzo awiriwa sasokonezana. Koma zilipo zinthu zina m'nyumba zathu zimene zimatikakamiza kuwaganizira onse pamodzi: mpando umene anakhoma agogo, bokosi limene linachokera ku Joni, kapena chida choimbira chimene chakhala chete zaka makumi angapo. Chinthu chotere chikasweka, banja limafunsa mafunso awiri nthawi imodzi. Kodi mtengo wake ukadali wolimba moti chingathe kukonzeka? Nanga mtengo wake ndi ndalama zingati?

Mwezi uno tifuna kusinkhasinkha mafunso amenewa, ndipo titenga chitsanzo cha kachida kamodzi kosafala kwathu kuno, mandolini yakale ya msana wafulati. Taisankha chifukwa ndi yaing'ono, sichedwa kuwonongeka, ndiponso ndi yovuta kuidziwa mtengo. Pa zifukwa zimenezi imaonetsa poyera mtima wa anthu atatu: mwini wake, mmisiri woikonza, ndi munthu wofuna kuigula. Tidzaona kuti onse atatuwa ali ndi ngongole imodzi, ndiyo kunena zoona za chinthucho.

Mandolini n'chiyani?

Mandolini ndi mbale wake wa gitala, koma ndi yaing'ono moti mwana wa sukulu akhoza kuifukata bwinobwino. Ili ndi nsambo 8 zachitsulo zoyenda ziwiriziwiri, ndipo zimakungidwa monga za vayolini. Woimba amagwira kapulasitiki konga chikhadabo, ndipo akafuna kuti liwu litalike amagwedeza dzanja mofulumira, nsambo n'kumalira ngati zikunjenjemera.

Mtundu umene unatchuka kwambiri unachokera ku Naples, m'dziko la Italy, m'zaka za m'ma 1700, kumene banja la Vinaccia linadziwika ndi luso lopanga zida zimenezi. Msana wake unali wozungulira ngati chipanda, wopangidwa ndi timatabwa tambiri topyapyala, topinda ndi kumata kamodzikamodzi. Antonio Vivaldi, wansembe wa ku Venice amene ankaphunzitsa nyimbo atsikana a m'nyumba ya ana amasiye ndipo anamwalira mu 1741, analemba nyimbo za mandolini ya mtundu umene unalipo m'masiku ake, ndipo zikuimbidwabe mpaka lero.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 anthu wamba ku Ulaya ndi ku America anayamba kuikonda kwambiri mandolini. Popeza msana wa chipanda unali wovuta kupanga ndiponso unkaterera pamiyendo ya woimba, amisiri anayamba kupanga ya msana wafulati, wa thabwa limodzi kapena awiri monga gitala. Imeneyi inali yotsika mtengo, ndipo mafakitale a ku Markneukirchen ku Germany ndi a ku Chicago ku America anapanga zikwizikwi. Kampani ya Martin inayamba kupanga zake za msana wafulati mu 1914. Kampani ya Gibson, imene inakhazikitsidwa ku Kalamazoo mu 1902, inatchuka ndi mandolini zosema, za chifuwa chotukuka ngati cha vayolini. Mwa zimenezi, zija za mtundu wa F-5 zimene Lloyd Loar anasainira pakati pa 1922 ndi 1924 zina zagulidwapo ndi ndalama zoposa madola 100,000 a ku America.

Apa pali phunziro loyamba. Zida ziwiri zikhoza kukhala ndi dzina limodzi ndi zaka zofanana, koma mitengo yake n'kutalikirana ngati Nsanje ndi Chitipa. Ukalamba pa wokha sukweza mtengo wa chinthu.

Katundu wa ku Joni

Ku Malawi kuno mandolini sinafale monga gitala ndi banjo. Zida za nsambo zachizungu zinabwera makamaka ndi anthu apaulendo: asilikali a King's African Rifles pobwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse imene inatha mu 1945, ndi amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ku Bulawayo ndi ku Copperbelt. Anthu a ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba anali m'gulu la oyamba kuyenda maulendo otere. Pobwerera ankasenza mabokosi a mabulangete, masuti ndi nsapato, ena galamafoni, ena chida choimbira. Boma linaimitsa ntchito ya Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74. Motero chida chilichonse chimene chinabwera m'masiku a Wenela chapitirira kale zaka 50.

Amene analibe ndalama zogulira sanakhale manja lende. Anatenga galoni ya mafuta kapena chikopa cha mbuzi, thabwa, ndi waya wa mabuleki a njinga, napanga banjo yawoyawo. Alan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona amene anamwalira mu 1995, anasangalatsa dziko lonse ndi banjo pamodzi ndi gulu lake la Chimvu Jazz. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene Gerhard Kubik wa ku Austria anayamba kujambula nyimbo zawo mu 1967, anatengera nyimbo za kwathu kutsidya kwa nyanja. Kufupi ndi kuno, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay wadziwika kunja ndi babatoni, chida cha nsambo imodzi chopangira pakhomo. Ife tsono ndife mtundu umene unaphunzira kale kuweruza chida ndi khutu, pakuti pomvera oimba amenewa sitinkafunsa dzina la fakitale.

Chida cha matabwa chikafika kuno ku Msongwe chimakumana ndi mdani amene amisiri a ku Germany sanamuganizire. Mzuzu ili pamwamba, mamita oposa 1,200, mvula imachedwa kusiya, ndipo nkhungu yam'mawa yochokera ku mapiri a Kaning'ina imalowa mpaka m'zipinda. Thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, guluu wakale n'kufewa. Ikafika October, pansi pa malata pamatentha, thabwa lomwelo limauma n'kukhwinyata. Zikabwerezedwa zimenezi chaka ndi chaka, chifuwa cha chida chimang'ambika ndipo mfundo zake zimamasuka, ngakhale palibe munthu amene wachikhudza.

Mmisiri amayamba ndi maso

Tiyerekeze kuti banja lina kuno, atatha maliro a bambo, latsekula bokosi lawo n'kupezamo mandolini yotere, nsambo zitachita dzimbiri. Mnyamata wamkulu akuti igulitsidwe msanga, pakuti anamva kuti zida zakale zimagulidwa ndi mamiliyoni. Mlongo wake akuti ipakidwe vanishi n'kupachikidwa pakhoma pabalaza. Amalume akuti ndi nkhuni chabe. Onse atatu aweruza mlandu asanamve mboni, ndipo mboni yake ndi chida chomwecho.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi nyundo kapena guluu. Choyamba amamasula nsambo, ndipo salola munthu aliyense kuzikunga kuti amve kulira kwake. Nsambo zochindikala za masiku ano zimakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba la chimanga la makilogalamu 50, pamene thabwa la pachifuwa kuchindikala kwake ndi mamilimita 3 kapena kucheperapo. Chida chofooka chikhoza kuthyoka pa kukunga kumodzi kokha.

Kenaka amayang'ana khosi, kuliika kudiso monga achitira kalipentala poona ngati thabwa lawongoka. Mandolini zambiri zakale zilibe chitsulo chowongolera m'kati mwa khosi, choncho likapindika kapena likayamba kuzuka pamene lalumikizana ndi thupi, ntchito yake imakhala yaikulu. Pa khosi pali tizitsulo topingasa timene woimba amadinikizapo nsambo. Pa kachitsulo ka nambala 12, mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsuloko uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 2. Ukakula kuposa apo zala zimapweteka ndipo nyimbo imasokera.

Atatero amayang'ana chifuwa. Mandolini zambiri za msana wafulati zili ndi chifuwa chopindidwa dala pafupi ndi kamtengo kochirikiza nsambo, kuti chikhale cholimba, ndipo wosadziwa akhoza kuyesa kuti ndi chilema. Chilema chenicheni ndi pamene chifuwa chalowa m'kati pakati pa kamtengoko ndi bowo lotulukira mawu. Chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi timitanda ta m'kati, tonga nthiti, timene tamatuka. Mmisiri amagogoda pang'onopang'ono ndi chala, namvetsera ngati pena pakulira mwa phwephwe, kenaka amalowetsa kagalasi ndi tochi pabowo kuti aone ndi maso ake. Amafufuzanso timabowo ta tizilombo tofumbwa mtengo, ming'alu, ndi zizindikiro za amene anakonzapo kale.

Pomaliza penipeni ndi pamene amawerenga kapepala ka dzina komatidwa m'kati, ngati kalipo. Amakaika kumapeto chifukwa kapepala n'kosavuta kumata. Mavayolini zikwizikwi a m'mafakitale ali ndi timapepala ta dzina la Stradivari, amene anamwalira mu 1737 osawaona n'komwe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mwambiwu uli ndi mbali yachiwiri imene timaiwala: chinthu chosaoneka bwino kunja chikhoza kukhala chamoyo m'kati. Mandolini yakuda ndi utsi, yokalikakalika, koma ya khosi lowongoka ndi nthiti zolimba, iposa kutali inzake yonyezimira imene chifuwa chake chagwa.

Choonadi pa malonda

Mmisiri akamaliza kuyesa, mayeso amafika pa iye mwini. Iye yekha ndiye akudziwa tsopano, ndipo banja lili m'manja mwake. Njira zokhota zilipo ziwiri. Akaona kuti chida ndi wamba, akhoza kuchitamanda mopitirira kuti banja limupatse ntchito ya ndalama zambiri. Akaona kuti ndi chabwino kwambiri, akhoza kuchinyoza, nanena kwa mayi wamasiye kuti, "Amayi, ichi chinatha kale, ndipatseni ndingochotsako zitsulo," kenaka n'kukachigulitsa kwina. Njira yachiwiriyi ndi kuba, ngakhale mayiyo atapereka ndi manja awiri n'kuthokoza.

Nkhani imeneyi si yachilendo. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anaifotokoza m'buku lake la Summa Theologiae, pa funso 77 la chigawo chimene chimakamba za makhalidwe. Iye anaphunzitsa kuti malonda anakhazikitsidwa kuti athandize onse awiri, wogula ndi wogulitsa, choncho kugulitsa chinthu mopitirira mtengo wake kapena kuchigula mochepera ndi kusalungama. Wogulitsa ayenera kuulula chilema chobisika ngati chingadzetse ngozi kapena kutayitsa wogula. Chilema chikakhala choonekera kwa aliyense, monga kavalo wa diso limodzi, sakakamizidwa kuchilengeza, malinga atsitse mtengo moyenera. Ndipo sanaiwale mbali ya wogula: munthu akagula golide kwa mnzake amene akuyesa kuti ndi mkuwa, ayenera kubweza.

Tikaika mandolini ija pa muyeso umenewu, zinthu zimamveka bwino. Kukalika kwa kunja ndi kavalo wa diso limodzi, aliyense akuona. Nthiti yomatuka m'kati, kapena mng'alu wobisidwa ndi vanishi wakuda, ndi chilema chobisika, ndipo banja likafuna kugulitsa liyenera kuchinena. Sitingadandaule za mmisiri wonyenga pamene ife tomwe tikukonzekera kunyenga wogula. Ambiri a ife timati malonda ndi kuchenjera, wogona alire yekha. Koma tiyeni tidzifunse: kodi tikagula njinga kapena foni pamsika n'kupeza kuti inali yomatamata, timamutcha wogulitsayo wochenjera, kapena timamutcha dzina lina?

Wina anganene kuti kudziwa nakonso ndi chuma, kuti munthu amene wataya zaka akuphunzira kusiyanitsa zida ayenera kudyerapo. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe cholakwa mmisiri akalipiritsa ntchito yoyesa, kapena wamalonda akagula motsika pang'ono kuti apeze phindu atakonza. Malire ali apa: phindu lichokere m'ntchito yake ndi m'luso lake, lisachokere m'umbuli wa mnzake umene iye waukulitsa dala. Palinso mwambo wabwino umene banja lililonse lingatsate, woti munthu woyesa mtengo asakhale yemweyo wofuna kugula.

Choonadi china chimene mmisiri ayenera kunena ndi cha iye mwini. Kalipentala wokhoma zitseko ndi mipando ndi mmisiri ndithu, koma thabwa la mamilimita 3 limafuna dzanja lina. Amene anena kuti, "Ntchito iyi sindinaigwirepo, tiyeni tifunse wina," waonetsa ulemu waukulu kwa mwini chinthu kuposa amene avomera zonse chifukwa cha ndalama kapena manyazi.

Kukonza kosafuna kudzionetsa

Zikadziwika kuti chida chingathe kukonzeka, pamabwera funso lina: kodi tikuchikonzeranji? Mlongo uja akufuna chinyezimire. Koma chida choimbira chinapangidwira mawu, ndipo kukonza kwabwino kumatsata cholinga chimene chinthu chinapangidwira.

Amisiri akale ankamata zida zimenezi ndi guluu wophika kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Amamusungunula m'kachitini koviika m'madzi otentha, ndipo amamata akadali wofunda. Guluu ameneyu amauma gwa ngati galasi, komabe akamuthira madzi otentha pang'ono amamasuka osawononga thabwa. Ndiye kuti mmisiri wa zaka 100 zapitazo anasiyira khomo mmisiri wa lero. Ankadziwa kuti ntchito yake sidzakhala mpaka muyaya, kuti wina adzayenera kutsekula pamene iye watseka. Supaguluu wothiridwa m'mfundo, guluu wa zitsulo, ndi misomali zimatseka khomo limenelo. Zimagwira lero, koma mawa chida chikafuna kutsekulidwa, thabwa ndilo limang'ambika. Kumene guluu wa zikopa sapezeka, guluu woyera wa akalipentala ndiye wabwinoko, popeza nayenso amamasuka ndi kutentha.

Mng'alu wa pachifuwa amautsuka, nauthira guluu, naupana mofatsa mpaka milomo yake itakumana, kenaka amamata tizigamba tating'ono ta mtengo m'kati, mopingasa, kuti usapitirire. Nthiti yomatuka amaipala guluu wakale n'kuibwezera pamalo pake. Tizitsulo ta pakhosi tikaperepeseka amatisalaza kapena kusintha tokhato tatha. Zokungira nsambo amazitsuka ndi kuthira kadontho ka mafuta, ndipo ngati wasinthapo china, chakalecho amachibweza kwa mwini wake m'kathumba. Kamtengo kochirikiza nsambo sikamatidwa, kamangogwidwa ndi nsambo zomwezo; malo ake amawapeza poyesa utali wochokera kumutu kwa khosi kufika pa kachitsulo ka nambala 12, n'kuwirikiza kawiri. Pomaliza amaika nsambo zopyapyala, nazikunga pang'onopang'ono kwa masiku angapo, akuyang'anira chifuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga vanishi? Mzinda wathu uno unakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mozungulira minda ya mitengo ya tung, imene mafuta ake amagwiritsidwa ntchito popanga utoto ndi vanishi. Ndife anthu okonda thabwa lowala, ndipo pa tebulo kapena chitseko palibe vuto. Koma pa chida chakale, kupala ndi sandipepa kumapyapyalitsa thabwa limene ndi lopyapyala kale, vanishi wochindikala amatsamwitsa mawu, ndipo odziwa zida amatsitsa mtengo akaona kuti nkhope yoyamba inachotsedwa. Kansalu kofewa n'kokwanira. Pali malo ena pakhosi pamene utoto unatha chifukwa cha chala chachikulu cha mwini wake, pali pena pachifuwa pamene mkono wake unkagona. Zipsera zimenezi ndi zolemba za bambo aja, zimene zikuuza adzukulu pamene dzanja lawo linkakonda kukhala. Wozipala wafufuta kalata.

Tikuona tsono kuti kukonza nakonso ndi nkhani ya choonadi. Chida cha zaka 80 chikavekedwa nkhope ya chaka chino, chikunena bodza. Mmisiri wabwino sachita manyazi ndi chigamba chake, ndipo amauza mwini wake zonse zimene wachita, kuti wodzakonza m'tsogolo asadzayende mumdima.

Kodi si kutaya ndalama?

Tisathawe funso lolemera kuposa onse. Kawirikawiri mandolini ya msana wafulati ya m'fakitale, ndalama zoikonzera zimaposa ndalama zimene ingagulidwe itakonzedwa. M'nyumba mmene mukufunika fizi ya ana, feteleza ndi mankhwala a agogo, kodi n'chilungamo kutayira ndalama pa kachida kakale?

Yankho loona ndi lakuti nthawi zina si chilungamo. Mwana aposa chida chilichonse, ndipo banja limene lasankha fizi lisadzimve kuti lanyoza malemu. Ngati chidacho chapezeka kuti ndi cha mtengo wapatali, kuchigulitsa moona kuti mwana amalize sukulu kukhoza kukhala kukwaniritsa chimene bambo aja anapitira ku migodi. Ngati ndalama palibe lero, kudikira sikuwononga kanthu: nsambo zimasulidwe, chida chikulungidwe m'nsalu youma, chiikidwe kutali ndi khoma lonyowa ndi denga lotentha, ndipo chikhoza kudikira zaka zina. Ngati tizilombo tadya nthiti ndi chifuwa chomwe, tivomere kuti chatha. Kuumirira kukonza chosakonzeka nakonso ndi kukana choonadi.

Koma tisalole kuti mtengo wa pamsika ukhale woweruza yekha. Chinthu chotere chili ndi mitengo itatu. Woyamba ndi wa ndalama, ndipo umadziwika pofunsa odziwa. Wachiwiri ndi wa ntchito yake: kodi chingathe kuimbanso, ndipo alipo m'banja kapena mwa anansi amene angaphunzire? Wachitatu ndi wa chikumbutso, umene mlendo sangauone konse. Thomas Woyera yemwe uja anavomera kuti munthu amene angapwetekedwe posiyana ndi chinthu chake akhoza kuwerengera kutaya kwakeko pa mtengo. Cholakwa chimabwera pamene tisokoneza mitengo itatuyi. Mnyamata uja watenga chikondi chake pa bambo ake n'kuchisandutsa mamiliyoni amene kulibe, ndipo akadzamva mtengo weniweni adzaganiza kuti abale ake amubera. Amalume aja aona kuchepa kwa ndalama n'kuiwala mitengo iwiri inayo. Mabanja ambiri adana pa chuma cha masiye chimene mtengo wake sukanakwana ngakhale chakudya cha pamaliro, chifukwa panalibe wina wowakhazika pansi n'kuwauza kuti mtengo uwu ndi uwu, uwo ndi uwo.

Ndipo pa itatuyi, umene sitiyenera kuunyalanyaza ndi wachiwiri. Mtengo wa ndalama umakwera ndi kutsika. Wa chikumbutso umazilala pamene amene ankawadziwa malemu atha. Koma mdzukulu akaphunzira kuimba, chida chimapeza mwini watsopano, ndipo chikumbutso chimayenda naye. Amene anasenza chida kuchokera ku Joni, pa sitima ndi pa basi mpaka ku mapiri a kumpoto kuno, anachisenzera kuti chimveke madzulo pakhonde.

Zoyenera kuchita

Si nyumba zambiri za ku Msongwe zimene zili ndi mandolini. Koma pafupifupi iliyonse ili ndi chinthu chake: makina osokera a agogo aakazi, njinga yakale, wailesi, gitala yopanda nsambo, mpando wa mlombwa wothyoka mwendo. Malangizo ake ndi amodzimodzi. Tisafulumire kutaya, ndipo tisafulumire kumata. Tifunse anthu awiri odziwa, amene alibe cholinga chogula. Tikhale pansi monga banja, akulu ndi ana, amayi amasiye ali pomwepo, timve zimene odziwawo anena, zokoma ndi zowawa zomwe. Tikasankha kugulitsa, tinene zilema zonse zimene tikudziwa. Tikasankha kukonza, tiuze mmisiri kuti achite zochepa zimene zikufunika, m'njira yoti wina adzathe kumasula, ndipo timulipire mokwanira, pakuti ntchito yodekha imadya nthawi.

Kwa inu amisiri athu a m'misika ndi m'makwalala a Mzuzu, anthu amabwera kwa inu atanyamula zinthu zimene sadziwa mtengo wake, ndipo amakhulupirira mawu anu monga akhulupirira mawu a dokotala. Auzeni zimene mwaona m'kati ndi kagalasi kanu. Ndipo kwa inu agogo amene mukadali nafe, musadikire kuti bokosi lidzatsekulidwe inu mutapita. Litsekuleni mwezi uno, itanani adzukulu, auzeni kumene chinthucho munachigula, chaka chake, ndi ntchito imene munagwira kuti muchipeze. Mmodzi wa iwo alembe zimenezi pa pepala, ndipo pepalalo lisungidwe m'bokosi momwemo.